Phunziro la Mwezi Uno: Chakudya Chathu, Mafuta a M'magazi ndi Mtima

Ambiri mwa ife tikukumbukira m'mene zinthu zinalili boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu Juni 2004. M'midzi ya kwa Mzikubola, kwa Mabulabo, kwa Khosolo ndi kwa Mzukuzuku, munthu akayamba kuonda anthu ankangoyang'anizana. Nthawi imeneyo malangizo anali amodzi: idyani kwambiri, thirani mafuta, shuga ndi majarini m'phala kuti thupi libwerere. Malangizowo anali oyenera pa nthawi yake ndipo anathandiza anthu ambiri.

Lero zinthu zinasintha. Munthu amene anayamba kumwa ma ARV mu 2005 ali ndi zaka 30, pano wapitirira zaka 50. Akulima, akuchita geni, akulera adzukulu. Koma pamene tikukalamba ndi kachilombo ka HIV, ena mwa ife akupezeka ndi matenda a mtima, kuthamanga kwa magazi ndi sitiroko. Kadyedwe komwe kanatidzutsa pamphasa kale kakhoza kuvulaza mtima wathu lero ngati sitikasintha. Phunziro lino likufotokoza m'mene chakudya chimasinthira mafuta a m'magazi, makamaka kwa munthu amene achipatala anamupeza kale ndi vuto la mtima. Tikupempha magulu othandizana kuti aliwerenge pamodzi.

Zolinga za phunziroli

Tikamaliza phunziroli tikhale tikudziwa mitundu ya mafuta a m'magazi, chifukwa chake anthu omwe ali ndi kachilombo ayenera kusamala kwambiri, zakudya zopezeka kwathu kuno zomwe zimatsitsa mafuta oipa, ndiponso malire a zomwe chakudya chingachite.

Kodi mafuta a m'magazi n'chiyani?

Munthu aliyense, wonenepa ndi woonda yemwe, ali ndi mafuta m'magazi mwake. Thupi limawafuna pomanga timaselo ndi kupanga ndulu yomwe imathandiza kugaya chakudya. Vuto limabwera akachuluka. Achipatala akamayeza magazi amayang'ana mitundu itatu.

Woyamba ndi kolesitero wa LDL, yemwe amatchedwa woipa. Akachuluka amalowa m'makoma a mitsempha ya magazi n'kumaunjikana pang'onopang'ono, monga m'mene matope amakwiririra ngalande ya kudimba. Njira ya magazi imachepa. Tsiku lina pamalo pounjikanapo pamang'ambika, magazi n'kuundana, mtsempha n'kutsekeka. Zikachitikira ku mtima, munthu amamva ululu woopsa pachifuwa ndipo akhoza kufa mwadzidzidzi. Zikachitikira ku ubongo ndiye sitiroko, kufa kwa ziwalo mbali imodzi.

Wachiwiri ndi kolesitero wa HDL, yemwe amatchedwa wabwino chifukwa amathandiza kunyamula mafuta otsala kubwerera nawo ku chiwindi.

Mtundu wachitatu ndi ma triglyceride. Awa amakwera kwambiri ndi shuga, mowa ndi kunenepa kwa pamimba.

Kwa anthu ambiri, kolesitero yense pamodzi amafunika kukhala pansi pa 5 mmol/L, ndipo ma triglyceride pansi pa 1.7. Kwa munthu amene mitsempha ya mtima inayamba kale kutsekeka, madokotala amafuna LDL atsike kwambiri, pansi pa 1.8. Chomvetsa chisoni n'chakuti mafutawa akakwera samveka m'thupi. Palibe mutu, palibe malungo. Njira yodziwira ndi kuyezetsa basi.

Tidziwenso kuti si matenda onse a mtima omwe amayamba ndi mafuta. Ena amayamba ndi zilonda zapakhosi zomwe sizinachiritsidwe munthu ali mwana, ena ndi kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri. Komabe mtima umene wafooka kale pa chifukwa chilichonse sufunika kuwonjezeredwa katundu wina.

Chifukwa chiyani omwe ali ndi kachilombo asamale kwambiri?

Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti m'Malawi muno, pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi m'modzi mwa atatu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 9 mwa anthu 100 alionse anali ndi kolesitero wokwera. Choncho vutoli ndi la dziko lonse. Koma kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2018, wophatikiza zotsatira za m'maiko ambiri, anaonetsa kuti munthu yemwe ali ndi HIV ali pa chiopsezo cha matenda a mtima pafupifupi kawiri kuposa yemwe alibe. Zifukwa zake ndi zitatu.

Choyamba ndi kachilombo komweko. Kamachititsa kuti chitetezo cha m'thupi chizikhala chili pa nkhondo nthawi zonse, ndipo nkhondoyo imakalipitsa makoma a mitsempha kotero kuti mafuta amamatirira msanga. Kachilombo kakachuluka m'magazi kamatsitsanso HDL uja wabwino.

Chachiwiri ndi ena mwa mankhwala. Omwe anayamba kale akukumbukira Triomune, yemwe munali stavudine. Mankhwalawa anapulumutsa miyoyo yochuluka, koma kwa ena ankaphwetsa masaya ndi matako, kuunjika mafuta pamimba ndi kukweza mafuta a m'magazi. Kuyambira mu 2011 boma linayamba kuwasiya pang'onopang'ono. Ma ARV okhala ndi ritonavir, omwe amapatsidwa kwa ena mankhwala oyamba akalephera, nawonso akhoza kukweza mafutawa. Kuyambira mu 2019 ambiri tikumwa mankhwala okhala ndi dolutegravir. Awa savutitsa kwenikweni mafuta a m'magazi, koma anthu ena, makamaka amayi, amanenepa nawo, ndipo kunenepa kwambiri kumabweretsa mavuto akeake.

Chachitatu ndi zomwe zimakhudza munthu aliyense: ukalamba, kusuta fodya, mowa, matenda a shuga ndi kukhala osagwiritsa ntchito thupi.

Pano tichenjezane mwamphamvu. Munthu asasiye ma ARV poganiza kuti akuteteza mtima. Kafukufuku wotchedwa SMART anaimitsidwa mu 2006 ataona kuti anthu omwe ankapumira mankhwala ankadwala ndi kumwalira kwambiri kuposa omwe ankamwa mosalekeza, ndipo mavuto a mtima, impso ndi chiwindi anali ochuluka pakati pa opumirawo. Kumwa ma ARV mwandondomeko ndi njira yoyamba yotetezera mtima.

Chakudya chimasintha bwanji mafutawa?

Kolesitero wambiri sachokera m'mbale mwachindunji. Amapangidwa ndi chiwindi, ndipo ndi chiwindi chomwecho chomwe chimamuchotsa m'magazi. Chakudya chimagwira ntchito pouza chiwindi chochita. Izi zimachitika m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi mtundu wa mafuta omwe timadya. Taonani mbale ya nyama ya ng'ombe yonona ikazizira: pamwamba pamauma mafuta oyera. Mafuta ouma oterewa, omwe amapezekanso mu nyama ya nkhumba ndi ya mbuzi yonona, khungu la nkhuku, batala ndi mafuta a palm, amachepetsa mphamvu ya chiwindi yochotsa LDL m'magazi. Pamene mafuta a mpendadzuwa, a soya, a mtedza, a mapeyala ndi a nsomba, akalowa m'malo mwa ouma aja, amathandiza kuti LDL atsike.

Njira yachiwiri ndi zakudya zoterera ndi zagaga. Mu therere lobala, mabiringanya, nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi zipatso muli timaulusi tomwe timasanduka ngati phala la ulimbo m'matumbo. Timagwira ndulu n'kutuluka nayo m'chimbudzi. Kuti chiwindi chipange ndulu ina chimatenga kolesitero m'magazi, motero LDL amatsika.

Njira yachitatu ikukhudza shuga ndi mowa. Shuga wa mu tiyi, zakumwa zozizilitsa kukhosi, masikono ndi mowa, zikachuluka chiwindi chimazisandutsa ma triglyceride. N'chifukwa chake munthu amene sadya nyama kawirikawiri akhoza kupezekabe ndi mafuta okwera.

Zomwe akafukufuku anapeza

Mu 2003 akatswiri a ku Toronto m'dziko la Canada, motsogozedwa ndi David Jenkins, anapatsa anthu a kolesitero wokwera chakudya chokhala ndi soya, mtedza wa kwawoko, mbewu zagaga, therere, mabiringanya ndi majarini wapadera wotsitsa kolesitero. Patatha mwezi umodzi LDL anatsika ndi pafupifupi 29 peresenti, kuyandikira m'mene anatsikira kwa omwe ankamwa mankhwala. Koma anthuwo ankapatsidwa chakudya chonse. Mu 2011 atayesanso ndi anthu omwe ankagula ndi kuphika okha kunyumba, LDL anatsika ndi pafupifupi 13 peresenti. Ichi ndiye chithunzi chenicheni: chakudya chimatsitsadi mafuta oipa, koma ndi muyezo.

Nanga kwa omwe ali ndi kachilombo? Ku Porto Alegre m'dziko la Brazil anatsatira anthu 83 omwe ankayamba kumene ma ARV. Ena ankalandira malangizo a kadyedwe pafupipafupi, ena ayi. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2012 zinaonetsa kuti patatha chaka, 21 mwa 100 alionse a gulu lolangizidwa anali ndi mafuta osokonekera, pamene m'gulu linalo anali 68 mwa 100.

Nanga kwa omwe ali kale ndi matenda a mtima? Ku Lyon m'dziko la France anatsatira anthu 605 omwe mtsempha wa mtima unawatsekekerapo kale. Omwe ankadya masamba, zipatso, nyemba ndi nsomba zambiri, nyama yofiira pang'ono, ndi mafuta a mbewu m'malo mwa batala, anachepetsa kubwereranso kwa matendawa ndi kupitirira theka. Chodabwitsa n'chakuti kolesitero wa magulu awiriwo sanasiyane kwenikweni. Phunziro lake ndi lakuti chakudya chabwino chimateteza mtima m'njira zambiri, osati pa manambala okha. Choncho musakhumudwe ngati zotsatira za kuchipatala sizinasinthe monga m'mene mumayembekezera.

Ku Córdoba m'dziko la Spain anatsatira anthu 1,002 odwala mitsempha ya mtima kwa zaka 7. Gulu lina linachepetsa mafuta onse, lina linkadya mafuta abwino a olive pamodzi ndi masamba, nyemba, mtedza ndi nsomba. Zotsatira za mu 2022 zinaonetsa kuti anthu 111 a gulu lochepetsa mafuta anakumana ndi mavuto aakulu a mtima kapena sitiroko, pamene m'gulu linalo anali 87. Apa tikuona kuti nkhani si kuthawa mafuta onse ayi, koma kusankha mtundu wake.

Tibwere nazo kwathu ku Mzimba

Mafuta a olive sitingawakwanitse, koma zambiri zomwe zatchulidwazi timalima tokha ndipo zili pa msika wa pa boma, pa Jenda ndi pa Embangweni. Tigwiritse ntchito magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa.

Zokhutitsa: nsima ya mgaiwa iposa ya ufa woyera chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhala momwemo. Tizisinthanitsa ndi mawere, mbatata ndi maungu. Mbatata ndi mbatatesi zikhale zowiritsa kapena zootcha, osati zokazinga. Ngati thupi lakula kwambiri, tichepetse mitanda ya nsima n'kuchulukitsa ndiwo.

Za m'gulu la nyemba: nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya ndi mtedza zizipezeka m'mbale masiku ambiri pa sabata. Ufa wa soya wokazinga tithire m'phala. Mtedza wodzaza dzanja limodzi, wopanda mchere, ndi wabwino kuposa mandasi. Tisankhe mtedza wouma bwino, wosachita chuku.

Masamba: bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya, kholowa, mpiru ndi therere. Masamba otendera ndi nsinjiro ndi abwino kuposa osambira m'mafuta. Tipewe kuthira soda chifukwa amaononga mavitamini ndipo amawonjezera mchere m'thupi. Nthawi ya dzinja tifutse masamba kuti m'chilimwe tikhale ndi mfutso.

Zipatso: magwafa, mapapaya, mango, masuku, nthochi, malalanje ndi mapeyala, malinga ndi nyengo. Bungwe la WHO limalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku, zomwe zili ngati manja asanu odzaza.

Zochokera ku nyama: usipa, matemba ndi nsomba zina kawiri pa sabata kapena kuposerapo, zophika ndi tomato ndi anyezi. Nkhuku tichotse khungu. Mazira ndi chambiko n'zabwino pa muyezo. Kuno ng'ombe ndi ulemu wathu, ndipo palibe lobola, ukwati kapena chikondwerero cha Umthetho ku Hora chopanda nyama. Sitikunena kuti tisiye chikhalidwe. Tikunena kuti munthu wodwala mtima asankhe nthuli yopanda mafuta, yosaposa chikhatho chake, adule mafuta oonekera asanaphike, ndipo ayengule mafuta oyandama pa msuzi. Nthumbwana, bongo ndi zam'kati zina zikhale za apo ndi apo.

Zamafuta: tisankhe a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza, ndipo tiyeze ndi supuni m'malo mongotsanula m'botolo. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi mafuta ena ophikira amachita mbuu n'kugwirana m'botolo. Kawirikawiri amenewo amakhala a palm, choncho tiziwerenga zolembedwa pa botolo. Tchipisi ndi kanyenya wa pa chiwaya, zokazingidwa m'mafuta obwerezabwereza mpaka kuda, si chakudya cha tsiku ndi tsiku kwa munthu wa vuto la mtima.

Mchere sukweza mafuta a m'magazi, koma umakweza BP ndipo umasunga madzi m'thupi mwa munthu wa mtima wofooka. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa mu ndiwo zonse. Tichotse kambale ka mchere pa mphasa yodyera. Shuga wa mu tiyi ndi mu thobwa timuchepetse pang'onopang'ono mpaka lilime lizolowere. Mowa, kaya wamasese, kachasu kapena wam'botolo, umakweza ma triglyceride ndipo umaiwalitsa kumwa mankhwala. Fodya ndiye wosiyiratu.

Abale athu omwe ali ku Joni tiwakumbutsenso izi tikamalankhula nawo pa foni. Kumeneko nyama yonona, masoseji ndi zakumwa zashuga n'zosavuta kupeza, ndipo ena amabwerako ndi mimba yaikulu yomwe timaiyamikira ngati chizindikiro cha ndalama.

Chakudya sichilowa m'malo mwa mankhwala

Munthu amene anadwalapo mitsempha ya mtima kapena sitiroko nthawi zambiri amafunika mankhwala otsitsa kolesitero otchedwa statin, pamodzi ndi a BP. Kafukufuku wotchedwa REPRIEVE, wa anthu 7,769 omwe ali ndi HIV m'maiko 12 kuphatikizapo Zimbabwe, Botswana, Uganda ndi South Africa, anaonetsa mu 2023 kuti statin anachepetsa mavuto aakulu a mtima ndi 35 peresenti. Chakudya chabwino chimayenda limodzi ndi mankhwalawa ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi.

Tisamale zinthu zinayi. Choyamba, tiuze dokotala aliyense ma ARV omwe tikumwa, chifukwa statin wotchedwa simvastatin samwedwa pamodzi ndi ma ARV okhala ndi ritonavir. Chachiwiri, omwe akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, asasiye masamba koma adye muyezo wofanana tsiku lililonse, chifukwa kusintha kwadzidzidzi kumasokoneza mphamvu ya mankhwalawo. Chachitatu, munthu amene waonda kwambiri, akudwala TB, ndi woyembekezera kapena akuyamwitsa, ndiponso ana, asachepetse chakudya. Omwe ali ndi vuto la impso afunse kaye kuchipatala asanasinthe kadyedwe. Chachinayi, tisanyengedwe ndi ogulitsa mankhwala azitsamba omwe amati amatsuka magazi.

Nanga ndikaonda anthu anena chiyani?

Funso ili limabwera kawirikawiri, ndipo ndi lomveka. Tiyerekeze mayi amene ananyozedwa zaka 20 zapitazo ataonda, lero thupi linabwerera ndipo anthu anaiwala. Dokotala akumuuza kuti achepetse thupi chifukwa cha mtima. Mayiyu akuopa kuti apongozi ndi anzake a kumpingo ayambanso manong'onong'o. Mantha amenewa akhoza kumupangitsa kusankha thupi lalikulu m'malo mwa mtima wamphamvu.

Tiyeni tiuzane zoona. Chomwe chimaonetsa kuti mankhwala akugwira ntchito ndi kuchepa kwa tizilombo m'magazi, osati kukula kwa mimba. Kutsika pang'onopang'ono kwa makilogalamu ochepa mwa munthu wonenepa kwambiri, amene akudya bwino ndipo ali ndi mphamvu, n'kwabwino. Koma kuonda kosadziwika chifukwa chake, kobwera ndi chifuwa, kutentha thupi kapena kutsekula m'mimba, n'koyenera kuthamangira nako kuchipatala. Banja lonse likamadya mofanana, wodwala sasalidwa ndi kambale kake kapadera, ndipo ana amakula atazolowera chakudya chabwino. Mutu umodzi susenza denga.

Zoti tichite mwezi uno

Tikapita kukatenga mankhwala, kaya ku chipatala cha boma cha Mzimba, ku Embangweni, ku Katete kapena pa chipatala chaching'ono cha m'dera lathu, tipemphe kuti atiyeze BP ndi sikelo, ndipo alembe m'buku lathu la kuchipatala. Ngati tili ndi vuto la mtima, shuga kapena BP, tifunse komwe tingayezetse mafuta a m'magazi, popeza si zipatala zonse zomwe zimayeza. Tikasintha kadyedwe, tiyezetsenso pakatha miyezi itatu. Tiyende ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata, koma wodwala mtima afunse kaye dokotala muyezo womuyenera. Ululu wofinya pachifuwa, kubanika, kupindika kwa pakamwa kapena kufooka kwa dzanja mwadzidzidzi si za kudikira m'mawa. Tithamangire kuchipatala nthawi yomweyo.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani mitundu itatu ya mafuta a m'magazi ndi zomwe zimakweza mtundu uliwonse.
2. Dzulo tinadya chiyani kuyambira m'mawa mpaka madzulo? Ndi chinthu chimodzi chiti chomwe tingasinthe popanda kuwonjezera ndalama?
3. Ndi miyezi iti yomwe masamba ndi zipatso zimasowa m'dera lathu? Gulu lathu lingachitepo chiyani pa dimba kapena pa mfutso?
4. Tingamuthandize bwanji mnzathu amene akuopa kuchepetsa thupi chifukwa cha zonena za anthu?
5. Pa ukwati kapena pa maliro, munthu wodwala mtima angakane bwanji nthuli yonona mwaulemu?

Atsogoleri a magulu alembe mayankho a funso lachiwiri, ndipo pa msonkhano wotsatira aliyense afotokoze m'mene zamuyendera. Tinalimbana ndi kachilombo pomwa mankhwala tsiku ndi tsiku mosadumphitsa. Mtima nawo tiusamale chimodzimodzi, tsiku ndi tsiku, kuyambira pa mbale ya madzulo ano.